Mmene mungakonzere ulendo wa Loweruka ndi Lamlungu wopita ku chikondwerero cha sake ku Saijo

Chaka chilichonse m'mwezi wa Okutobala, cha kumapeto kwa sabata yachiwiri, katauni ka Saijo mumzinda wa Higashihiroshima ku Japan kamalandira anthu oposa 200,000 m'masiku awiri okha. Onsewa amadzera Sake Matsuri, chikondwerero cha mowa wa mpunga wotchedwa sake, chimene chinayamba mu 1990. Saijo amawerengedwa pamodzi ndi Nada wa ku Kobe ndi Fushimi wa ku Kyoto monga malo atatu otchuka kwambiri pa ntchito yofulula sake, koma iye ali ndi mwayi umene anzakewo alibe: nyumba 7 zofululira mowa zili moyandikana, pafupi ndi siteshoni ya sitima, moti mutha kuzizungulira zonse wapansi.

Malangizo awa ndi a munthu amene ali kale ku Japan, kaya pa maphunziro, pa ntchito kapena pa ulendo wina wautali. Kunyamuka ku Lilongwe kapena ku Lusaka kukangochita masiku awiri sikungatheke, chifukwa ndege yokha imadya tsiku lathunthu ndi kupitirira. Ngati muli kumudzi ndipo mukufuna kukaona chikondwererochi, chiphatikizeni pa ulendo wa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo muyambire ku ofesi ya kazembe wa Japan kukapempha viza nthawi ikadalipo. Amene akuphunzira ku Hiroshima University kapena amene abwera pa maphunziro a JICA Chugoku, iwo ali pakhomo penipeni, popeza malo onse awiriwa ali mumzinda wa Higashihiroshima momwemo.

Yambani ndi pogona, tikiti ya sitima ibwere pambuyo

Mukangodziwa masiku a chaka chimenecho, sungitsani malo ogona. Okonza chikondwerero amalengeza masikuwo miyezi ingapo chisanafike. Mahotela a ku Saijo ndi ochepa ndipo amadzaza msanga kwambiri, choncho musataye nthawi kulimbana nawo. Kagoneni mumzinda wa Hiroshima, makamaka pafupi ndi Hiroshima Station, kuti madzulo mukatsika sitima musayendenso mtunda muli wotopa. China choti mudziwe n'chakuti Lolemba lachiwiri la Okutobala ndi tchuthi ku Japan, tsiku la zamasewero, ndipo kawirikawiri chikondwererochi chimagwera pa masiku ogundizana nalo. Ndiye kuti dziko lonse limakhala pa ulendo, mitengo ya zipinda imakwera, mipando ya sitima imatha. Wosungitsa mu Julayi kapena Ogasiti amagona pabwino motchipa. Wodikira sabata yomaliza amakagona kutali.

Ine ndimalimbikitsa kufika ku Hiroshima Lachisanu usiku. Kunyamuka Loweruka m'mamawa kuchokera ku Tokyo kumatheka, koma mumafika dzuwa lili pamutu, anthu atadzaza kale, inu muli ndi njala ndi tulo.

Musasokoneze ma Saijo

Apa ndi pamene alendo ambiri amasochera asananyamuke n'komwe. Ku Japan kuli malo angapo otchedwa Saijo. Mzinda wa Saijo wa m'chigawo cha Ehime, pachilumba cha Shikoku, nawonso umachita chikondwerero chake chachikulu m'mwezi womwewu wa Okutobala, koma chimenecho n'cha timakachisi tonyamula pamapewa, osati cha mowa. Siteshoni ya kumeneko ndi Iyo-Saijo. Inu mukufuna Saijo Station ya pa njanji ya JR Sanyo Line, m'chigawo cha Hiroshima. Polemba pa foni kapena pogula tikiti, onjezani dzina lakuti Higashihiroshima kuti musakapezeke tsidya lina la nyanja.

Kuchokera ku Tokyo, sitima yothamanga ya Shinkansen yotchedwa Nozomi imatenga pafupifupi maola 4 kufika ku Hiroshima. Kuchokera ku Shin-Osaka ndi pafupifupi ola limodzi ndi theka, ndipo kuchokera ku Hakata ndi pafupifupi ola limodzi. Amene muli ndi Japan Rail Pass, tikiti ya alendo yokwerera sitima za kampani ya JR kwa masiku angapo, kumbukirani kuti pokwera Nozomi mumalipira ndalama yowonjezera, pamene sitima zina za Shinkansen zotchedwa Sakura ndi Hikari mumakwera ndi tikitiyo basi. Mukafika ku Hiroshima, sitima wamba yopita ku Saijo imatenga mphindi 35 mpaka 40.

Pali msampha winanso. Pa njanji ya Shinkansen pali siteshoni yotchedwa Higashi-Hiroshima, ndipo dzinalo limanyenga ngati ndi pomwepo. Ayi. Ili patali ndi pamene pamachitikira chikondwerero, pamaima sitima zochepa, ndipo mukatsikapo mufunikanso basi kapena takisi. N'kwabwino kupitirira mpaka ku Hiroshima n'kubwerera ndi sitima wamba. Okwera ndege zinthu zimawayendera bwino, chifukwa Hiroshima Airport ili pafupi ndi Saijo kuposa mmene ilili ndi mzinda wa Hiroshima weniweniwo.

Galimoto isiyeni. Njinganso isiyeni. Malamulo a ku Japan pa nkhani yoyendetsa utamwa ndi okhwima zedi: mulingo wololedwa ndi wochepa kwambiri moti timakapu tochepa tingakupezetseni mlandu, ndipo chilango chimagweranso amene wakwera nawo akudziwa kuti dalaivala wamwa, ngakhalenso amene anamupatsa mowawo. Kuyambira mu Novembala 2024 anakhwimitsanso lamulo la opalasa njinga atamwa. Kwa mlendo amene akukhala pa viza ya maphunziro kapena ya ntchito, mlandu wotere ungathe kuwononga zonse zimene anabwerera.

Dziwani pang'ono za chimene mukukamwa

Mukapita osadziwa kanthu, mudzangoona mabotolo mazanamazana olembedwa zilembo zachilendo n'kumaloza mwachisawawa. Mphindi zochepa zowerenga zimasintha ulendo wonse.

Sake samatcheza ngati kachasu. Amachita kufulula, ndipo amene anaonapo masese akuphikidwa sangavutike kumvetsa. Kwathu chimera ndi chimene chimasandutsa ufa kukhala wotsekemera kuti mowa uwire. Ku Japan ntchito ya chimerayo imagwiridwa ndi koji, umene ndi mpunga wophika ndi nthunzi womwe aumeretsera nkhungu yapadera. Koji amasandutsa mpunga kukhala shuga, yisiti n'kumasandutsa shugayo kukhala mowa, zonse ziwiri zikuchitika nthawi imodzi m'thanki imodzi. N'chifukwa chake sake amatuluka wamphamvu chotere popanda kutcheza: nthawi zambiri amakhala pa 15 kapena 16 peresenti, ndipo wosasungunula ndi madzi, wotchedwa genshu, amafika cha m'ma 17 mpaka 20. Luso limeneli logwiritsa ntchito koji linalembedwa ndi UNESCO mu Disembala 2024 pa mndandanda wa miyambo yofunika kuisunga.

Asanafulule, mpunga amaupera kunja kuti achotse gaga ndi mafuta n'kutsala mtima wake. Nambala imene mudzaione pa botolo imanena kuchuluka kwa mpunga umene watsala. Ginjo ndi amene mpunga wake watsala 60 peresenti kapena kucheperapo. Daiginjo watsala 50 peresenti kapena kucheperapo, ndipo kawirikawiri amanunkhira ngati zipatso, komanso ndi wodula. Junmai ndi wa mpunga, koji ndi madzi basi, osathiramo mowa wina wotcheza. Honjozo amathiramo pang'ono kuti apepuke. Nigori ndi woyera ngati mkaka chifukwa sanasefedwe kwambiri. Namazake sanatenthetsedwe, choncho amafuna furiji nthawi zonse.

Musatengeke ndi maganizo akuti daiginjo ndiye wabwino kuposa onse. Ndi wodula chifukwa theka la mpunga latayika popera, koma pa chakudya chamafuta kapena chamchere, junmai wamba wotenthetsa pang'ono amamuposa kutali.

Dzina limodzi loti muliloweze ndi hiyaoroshi. Sake amafululidwa m'nyengo yozizira, kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi, motero pa nthawi ya chikondwerero watsopano amakhala asanatuluke. Amene amakhala pa nyengo yake ndi hiyaoroshi, wofululidwa m'chisanu chapitacho, wosungidwa chilimwe chonse mpaka kukhwima, n'kutulutsidwa nyengo ikayamba kuzizira. Mukaona dzinali, lawani.

Gulani tikiti ya Sake Hiroba musananyamuke

Kulowa m'tauni, kuyenda m'misewu ndi kulowa m'mabwalo a nyumba zambiri zofululira mowa n'kwaulere. Malo olipira otchuka ndi Sake Hiroba, bwalo lotchingidwa m'paki ya pakati pa tauni, kumene amasonkhanitsa mitundu ya sake mazanamazana yochokera m'zigawo zonse za Japan. Mukapereka tikiti amakupatsani kakapu kakang'ono ndi kabuku ka mayina, ndipo mumayenda kuchoka pa tebulo la chigawo china kupita pa china, mukulawa. Matikiti ogula pasadakhale amatsika mtengo poyerekeza ndi ogula pakhomo, ndiponso amakupulumutsani ku mzere umodzi mwa mizere yambiri ya tsikulo. Pogula werengani bwino tsiku ndi nthawi imene yalembedwapo.

Zaka zololedwa kumwa mowa ku Japan ndi 20, osati 18. Nyamulani pasipoti kapena khadi lanu lokhalira m'dzikomo. Lamulo limafuna kuti mlendo aziyenda nazo nthawi zonse, ndipo pakhomo atha kukufunsani.

Zonyamula

Ndalama za m'manja ndi zofunika, makamaka mapepala a mayeni 1,000 ndi makobidi, chifukwa ogulitsa zakudya m'mbali mwa msewu ambiri salandira khadi la kubanki. Khadi la sitima ngati ICOCA kapena Suica muthiremo ndalama zokwanira kupita ndi kubwera mukadali ku Hiroshima, kuti madzulo musakaime pa makina a matikiti pamodzi ndi khamu la anthu oledzera. Valani nsapato zoyendera. Tengani juzi yopepuka, pakuti Saijo ali m'chigwa chokwera chozunguliridwa ndi mapiri, ndipo masana kukatentha madzulo kumazizira mwadzidzidzi. Kuzizira kumeneku ndi kumene kunapangitsa malowa kukhala abwino kufululirako mowa. Onjezani botolo la madzi, kathumba kotayamo zinyalala, kansalu kopukutira m'manja ndi batire yapadera ya foni. Okutobala nthawi zina amabwera ndi namondwe, ndiye muziona zanyengo kuyambira Lachitatu.

Chikwama chachikulu chisiyeni ku hotela. Mabokosi osungiramo katundu a pa siteshoni ya Saijo amadzaza m'mawa kwambiri. Ndipo tsiku limeneli musadzole mafuta onunkhira kwambiri, chifukwa mudzadzitsekera nokha fungo la ginjo n'kusokonezanso amene mwaima nawo pafupi.

Loweruka: yambirani ku nyumba zofululira

Idyani chakudya cham'mawa chokhutitsa, cha mpunga kapena buledi ndi mazira, osati tiyi yekha. Kwerani sitima yoti mukafike ku Saijo isanakwane 10 koloko. Sitima za m'mawa umenewu zimadzaza, mwina mudzaima njira yonse.

Anthu ambiri akatuluka pa siteshoni amathamangira ku Sake Hiroba kuti akapindule ndi tikiti yawo. Ine ndikuti khoterani kaye kumanzere, ku msewu wa Sakagura-dori. Mtima wa chikondwererochi uli kumeneko, ndipo umafuna munthu wamutu wabwino. Mudzazindikira malowo ndi machumuni ataliatali a njerwa zofiira olembedwa mayina a nyumba zake, makoma oyera okhala ndi mizere yakuda ndi yoyera m'munsi, ndiponso mpira waukulu wa masamba a mtengo wa sugi wopachikidwa pakhomo. Mpirawu amaupachika uli wobiriwira mowa watsopano ukatuluka, ndipo ukamafiira ndiye kuti mowawo ukukhwima. Mu Okutobala mudzaupeza utafiira. Pa chikondwerero, mpira wina waukulu kwambiri amaunyamula pamapewa n'kuyenda nawo m'misewu, mwambo ukayamba ku kachisi wa kumpoto kwa siteshoni.

Nyumba iliyonse ili ndi khalidwe lake. Hakubotan ndi yakale kwambiri, mbiri yake imayambira mu 1675. Kamotsuru ndi yaikulu ndi yodziwika kunja. Mowa wake wa daiginjo wokhala ndi tizidutswa ta golide tooneka ngati maluwa ndi umene Shinzo Abe, nduna yaikulu ya Japan pa nthawiyo, anathirira Barack Obama pa chakudya chamadzulo ku Tokyo mu 2014, ndipo mudzaona anthu akuugula chifukwa cha nkhani yomweyo. Kirei amadziwika ndi mowa wosatsekemera, m'dera limene mowa wake wambiri umakhala wofewa ndi wotsekemererako. Fukubijin inaphunzitsa akatswiri ambiri ofulula mpaka anthu ankaitcha sukulu. Kamoizumi inali m'gulu la oyamba kubwerera ku junmai pa nthawi imene ambiri ankathira mowa wotcheza, ndipo mowa wake umakhala wachikasu pang'ono. Palinso Saijotsuru, kenaka Sanyotsuru yomwe ili payokha mbali ina ya siteshoni. Simukakamizidwa kulowa monse. Zitatu kapena zinayi zoyendera modekha zimaposa 7 zothamangira.

Chimene sindifuna kuti muphonye ndi madzi. Nyumba zambiri zili ndi chitsime kapena mpopi panja pamene munthu aliyense angalawe madzi amene amafululira. Madziwa amachokera pansi pa nthaka, kutsika kuchokera ku phiri la Ryuo kumpoto kwa tauni. Lawani pa nyumba ziwiri kapena zitatu musanalawe mowa wake. Nkhani yonse ya sake wa ku Hiroshima yagona pa madzi. Kale mowa wabwino unkachokera ku Nada, kumene madzi ake ali ndi michere yambiri imene imapatsa yisiti mphamvu. Madzi a m'madera ambiri a Hiroshima ndi ofewa, yisiti inkafooka, mowa n'kumaonongeka. Munthu wina wa ku Akitsu, dera limene lero lili mu Higashihiroshima, dzina lake Miura Senzaburo, ndi amene chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 anapeza njira yake: kukhwimitsa koji mokwanira ndi kuwiritsa mowa pang'onopang'ono pamalo ozizira. Njira imeneyi ndi imene inatsegula khomo la ginjo. Pa nthawi yomweyo, mu 1896, Satake Riichi wa konkuno anapanga makina oyamba ku Japan opunthira mpunga oyendera injini, ndipo kampani ya Satake idakalipo mumzindawu. Njanji inali itafika kale mu 1894. Lero likulu la boma lofufuza za mowa, National Research Institute of Brewing, lilinso ku Higashihiroshima. Mukadziwa zimenezi, machumuni aja mumawaona ndi maso ena.

M'mabwalo a nyumbazi mumakhala kulawa kwaulere ndi kolipira. Lipirani pang'ono kuti mulawe mowa wapamwamba umene simungagule botolo lathunthu. Nyumba zina zimatulutsa mabotolo ogulitsidwa pa masiku awiriwa okha, ndipo amatha msanga, chimene ndi chifukwa china choyambira kuno.

Chakudya chamasana chisadumphidwe

Chakudya cha eni ake a Saijo ndi bishu nabe. Amaika nyama ya nkhumba, ya nkhuku ndi nthutumba mumphika wachitsulo pamodzi ndi adyo, kabichi wachitchaina, anyezi ndi ndiwo zina zamasamba, n'kuthiramo sake m'malo mwa madzi, kenaka mchere ndi tsabola basi. Chinayamba ngati chakudya cha antchito a m'nyumba zofululira, amene ankafuna ndiwo zosaononga lilime poti ntchito yawo inali yolawa. Mowawo umauluka pophika n'kusiya kukoma kokha. Malo odyera bishu nabe pa chikondwerero amafuna tikiti yakeyake ndipo abwino amasungitsidwa pasadakhale. Amene simudya nkhumba dziwani kuti imakhalamo, ndiponso imapezeka m'zakudya zambiri za m'mbali mwa msewu monga yakisoba, manudozi okazinga, ndi okonomiyaki, chitumbuwa cha ufa ndi kabichi. Nkhuku yootcha pa timitengo, nsomba ndi timipira ta mpunga ta onigiri zimapezeka mosavuta.

Idyani isanakwane 12 koloko kapena itadutsa 2 koloko. Pakati pamenepa mizere imatalika moti njala imasanduka mkwiyo.

Masana ku Sake Hiroba

Tsopano mwakhuta, lowani m'bwalo lija. Musanatambasule dzanja, khalani pambali ndi kabuku kaja n'kusankha. Mowa uliwonse uli ndi nambala, ndipo pa tebulo mumangotchula kapena kuloza nambalayo, choncho ngakhale osadziwa Chijapani savutika. Sankhani njira imodzi yoti muitsate. Mutha kulawa junmai mmodzi kuchokera ku chigawo chilichonse kuti mumve kusiyana kwa Niigata, kumene mowa wake ndi wopepuka ndi wosatsekemera, ndi madera a kumadzulo kumene umakhala wolemererako. Mutha kutsata mtundu wa mpunga: Yamada Nishiki wa ku Hyogo, Omachi wa ku Okayama, Hattan Nishiki wa ku Hiroshima konkuno. Yambani ndi onunkhira ndi opepuka, olemera ndi nigori abwere kumapeto. Amene wakukomerani jambulani nambala ndi botolo lake pa foni nthawi yomweyo, chifukwa madzulo simudzakumbuka.

Tiyeni tiwerengere limodzi, poti apa ndi pamene anthu amagwa. Muyezo wa sake wotchedwa go ndi mamililita 180. Pa 15 peresenti, mowa umene uli mmenemo umaposa wa botolo limodzi ndi theka la mowa wamba wa mamililita 330. Timakapu tinayi kapena tisanu todzaza takwana kale go imodzi. Ndiye munthu amene walawa mitundu 20 modzaza kapu wamwa zofanana ndi mabotolo 6 kapena kuposerapo, mwina m'maola awiri okha, dzuwa likumuwomba. Vuto la sake ndi lakuti amatsika mofewa, samakuchenjezani pakhosi. Mumamva bwinobwino mpaka pamene mwati muimirire.

Choncho pemphani pang'ono. Nenani kuti “sukoshi” kapena sonyezani ndi zala, othirawo amamva. Pakati pa kapu iliyonse imwani madzi ochuluka kuposa mowawo. Eni ake amachita zomwezo ndipo palibe amene angakusekeni. Maganizo akuti ndalipira tikiti ndiye ndimwe mpaka ndalama yanga ibwerere ndi amene amagoneka anthu pa kapinga 3 koloko masana. Mudzawaona, ena atavula nsapato, anzawo akuwapepesera kwa alonda. Mitundu 10 mpaka 15 yolawa pang'onopang'ono ndi yokwanira, kupitirira apo lilime silisiyanitsanso kanthu. Mizere ya kuchimbudzi nayonso ndi yaitali, musadikire mpaka zitavuta.

Mnzanu akafooka moti sakuyankha bwino, musamusiye yekha kuti agone. Mugonekeni chammbali, itanani ogwira ntchito pa chikondwerero, ndipo zikavuta imbani 119, nambala ya ambulansi. Ya apolisi ndi 110.

Za ulemu n'zochepa koma zimaoneka. Wina akamakuthirirani, nyamulani kapu ndi manja awiri. Mukakhala pagulu, thirirani anzanu, iwo adzakuthirirani inu. Musamwe onse asananene “kanpai”, mawu onena pokweza makapu. Musadumphe mzere, fodya musutire pamalo ake okha, zinyalala mukataye pamalo osankhulira zinyalala. Ndalama yothokozera wogulitsa kulibe ku Japan, mukaisiya adzakuthamangirani kudzakubwezerani. Anthu a kuno, amene masiku onse amaoneka amanyazi, pa tsikuli amamasuka, ndipo musadabwe agogo ena akakufunsani kumene mwachokera n'kukuthirirani m'botolo lawo. Kukana mwaulemu n'kololedwa, ingosiyani kapu yanu ili yodzaza.

Amene simumwa mowa musaganize kuti mulibe malo. Kuli magule ndi nyimbo pa nsanja zingapo, kuli makeke ndi ayisikilimu zopangidwa ndi masese a sake, kuli amazake, chakumwa chotsekemera cha mpunga. Koma funsani kaye: amazake wa koji alibe mowa, pamene wopangidwa ndi masese a sake amakhala nawo pang'ono. Mabanja amabwera ndi ana ndipo m'misewu mumakhala kanyama kojambula kotchedwa Nonta, chizindikiro cha tauniyi, kamene kamapezekanso pa timakapu.

Kubwerera

Nyamukani chikondwerero chisanatseke, ola limodzi kapena kuposerapo. Aliyense akatulukira nthawi imodzi, mzere wolowera pa siteshoni umafika panja. Mukapeza mpando m'sitima, tcherani alamu pa foni, chifukwa sitima zina zimapitirira Hiroshima kulowera ku Iwakuni, ndipo tulo ta sake n'tolemera. Ngati muli pagulu, gwirizanani m'mawa malo okumanirana wina akasochera, chifukwa anthu akachuluka netiweki imavuta. Mukafika ku Hiroshima idyani okonomiyaki wa kumeneko, woyalidwa m'magawo ndi kabichi wambiri ndi manudozi, mumwe madzi, mukagone.

Lamlungu

Pali njira ziwiri. Ngati munaphonya nyumba zina kapena mukufuna kugula mabotolo mutu uli bwino, bwererani ku Saijo m'mawa. Lamlungu amatseka msanga kuposa Loweruka, ndipo ku Sake Hiroba mitundu yotchuka imakhala itatha, ndiye tsikuli ndi logula ndi kuyenda, osati lomwa. Ngati Loweruka linakukwanirani, khalani ku Hiroshima. Pitani ku Peace Memorial Park ndi nyumba yake yosungiramo mbiri ya bomba la pa 6 Ogasiti 1945, malo amene safuna munthu wa matsire. Kapena kwerani sitima mpaka ku Miyajimaguchi n'kuwoloka pa boti kupita pachilumba cha Miyajima kukaona kachisi wa Itsukushima. Kuchita zonse ziwiri n'kukagwiranso Shinkansen ya madzulo n'kudzizunza. Mpando wa sitima yobwerera musungitse pamodzi ndi wopita.

Zogula ndi kanyamulidwe kake

Mabotolo alipo a mamililita 720 ndi akuluakulu a malita 1.8. Wapaulendo atenge a 720. Lalikululo limaoneka lotchipa koma kuyenda nalo m'khamu tsiku lonse ndi chilango. Ngati mumakhala ku Japan, funsani ngati angakutumizireni kunyumba kudzera pa takkyubin, ntchito yoperekera katundu pakhomo, ndipo mowa wosatenthetsa autumize m'galimoto ya furiji. Ngati mukupita nawo kumudzi ngati mphatso, pewani namazake, chifukwa sangapirire ulendo wautali ndi kutentha. Sankhani wotenthetsedwa, mukulunge botolo m'zovala, muike m'chikwama chachikulu chopita pansi pa ndege, popeza pa ndege zopita kunja zamadzimadzi zopitirira mamililita 100 siziloledwa m'chikwama cha m'manja. Funsiranitu ku MRA kapena ZRA kuchuluka kwa mowa umene mungalowe nawo osalipira msonkho.

Mukafika nawo, musausunge pa shelefu ya pabalaza kudikira ukwati wa zaka zitatu zikubwerazi. Sake wambiri sakoma ndi kukalamba. Muikeni pamalo ozizira ndi amdima, mumwe chisanathe chaka kuchokera pa deti lolembedwa pa botolo, ndipo mukatsegula akhale m'furiji n'kutha m'sabata imodzi kapena ziwiri.

Okutobala akakuphonyani, chikondwerero china chachikulu ndi Niigata Sake no Jin, chimene chimachitika mu Malichi m'holo ya Toki Messe mumzinda wa Niigata, pafupifupi maola awiri pa Shinkansen kuchokera ku Tokyo. Kumeneko mowa wake ndi wa chigawo cha Niigata chokha, zonse zimachitikira m'nyumba, ndipo matikiti amatha msanga, choncho muyambe kuwafufuza chaka chikangoyamba.